Ndisiye shuga koma ndimwe shuga? Funso la mkodzo wowotcha

Amake Mapasa, Kapata: Mwachoma bwanji nonse. Ndili ndi funso landisowetsa mtendere. Chaka chino chokha vuto la mkodzo wowotcha landibwerera katatu, ndikapita kukiliniki andipatsa ma antibayotiki ndimaliza onse bwinobwino, pakapita miyezi iwiri layambanso, kukodza pafupipafupi timadontho chabe koma kuwawa ngati wathirako tsabola. Manje alamu anga a ku Lusaka akuti mabakiteriya amakonda shuga ndiye ndisiye tiyi wa shuga, komanso akuti anditumizire ka ufa kotchedwa D-mannose kamene ndikamamwa tizilomboto tizichoka tokha. Ndafunsa kuti mannose ndi chani, akuti ndi shuga. Apa ndiye mutu wazungulira. Ndisiye shuga koma ndimwe shuga?

Anesi a ku Katete: Pepani amai. Choyamba, katatu pachaka sizongomwera mankhwala mwachizolowezi iyai, pemphani apime mkodzo ku labu aone kuti ndi bakiteriya uti ndipo akumva mankhwala ati. Apimenso shuga m'magazi, chifukwa amene ali ndi matenda a shuga vutoli limawabwerera kawirikawiri.

Wa ku Labu: Amake Mapasa funso lanu ndi labwino kwambiri, alamu anuwo aphatikiza nkhani ziwiri m'thumba limodzi. Kudya shuga ndi nkhani ina, KUGWIRA shuga ndi nkhani ina. Ndifotokoze pang'onopang'ono.

Nthawi zambiri amene amayambitsa mkodzo wowotcha ndi E. coli, bakiteriya amene amakhala m'matumbo mwathu momwemu osavuta aliyense, vuto limayamba akasochera n'kulowa njira ya mkodzo. Manje taganizani, chikhodzodzo ndi malo amene madzi amakokolola chilichonse kangapo patsiku, ngati mtsinje wa Lunkhwakwa mvula ikagwa. Chinthu chosagwirira penapake chimapita basi. Ndiye E. coli ali ndi timaubweya tambirimbiri kuzungulira thupi lake, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kuli puloteni imodzi dzina lake FimH. Puloteni imeneyi ili ndi kathumba kakang'ono kamene mumalowa shuga wamtundu umodzi, mannose. Ndipo khoma la mkati mwa chikhodzodzo lili ndi mapuloteni otchedwa uroplakin amene pamwamba pake pamera timaunyolo ta shuga tokhala ndi mannose yemweyo. Bakiteriya akafika amangolowetsa mannose wanuyo m'kathumba kake, kakamira. Simunadye inu shuga ameneyo mu tiyi, thupi limapanga lokha, ngakhale musiye tiyi chaka chonse adzakhalapobe.

Amake Mapasa, Kapata: Ha! Ndiye kuti mkati mwa munthu muli shuga womera pakhoma?

Wa ku Labu: Eya amai, selo iliyonse ya thupi yavala shuga kunja kwake ngati udzu padenga. Osati wotsekemera wa mupaketi uja, koma timaunyolo ta mashuga osiyanasiyana tolumikizidwa ku mapuloteni ndi ku mafuta. Chilichonse chobwera pa selo chimayamba kukumana ndi shugayo.

Mtsikana wa Giredi 12: Ankolo a ku labu ine ndifunse. Kusukulu tinaphunzira kuti glucose ndi C6H12O6, ndasaka mannose naye ndi C6H12O6, galactose chimodzimodzi. Ngati zonse zili ndi zinthu zofanana, puloteni ilibe maso, imadziwa bwanji kuti uyu ndi mannose uyu ndi glucose?

Aticha a Sayansi: Mwana iwe wafunsa pamtima peni-peni pa nkhani. Ndiyankheko ine cifukwa ici ndaphunzitsa zaka zambiri. Pita pa Saturday Market ukagule maloko awiri a kampani imodzi. Makiyi ake citsulo cimodzi, kutalika kumodzi, kulemera kumodzi, ukawaika pacikhatho sungasiyanitse. Koma dzino limodzi lokha lapita kwina, ndiye kiyi wa uyu satsegula uyo. Mashuga atatuwa ali tero. Aliyense ndi kamkombero, ndipo pa kamkomberoko patuluka timanja ta OH (okosijeni ndi haidrojeni), kena kaloza m'mbali, kena kaloza m'mwamba. Glucose ndi mannose asiyana pa kaboni nambala 2 pokha, kadzanja ka pamenepo mwa glucose kagona m'mbali, mwa mannose kaimirira. Glucose ndi galactose asiyana pa kaboni nambala 4. Basi, kusiyana ndi kumeneko.

Tsono m'kathumba ka puloteni muli ma amino acid, tizidutswa timene timapanga puloteni, okhala pamalo pake-pake, aliyense akudikira kadzanja kake ka OH kuti agwirane nako ndi hydrogen bond. Kugwirana kumodzi n'kofooka, koma zikakhala zingapo nthawi imodzi ndipo zonse zagwera pamalo pake, shuga amakhazikika. Akabwera shuga amene kadzanja kake kamodzi kaloza kolakwika, kugwirana kwa pamenepo kumasoweka, mwina kadzanjako kamagunda khoma la kathumba, ndiye sakhalitsa amatuluka. Fanizo la loko ndi kiyi si langa, analinena Emil Fischer wa ku Germany mu 1894, ndipo iye anali kufufuza mashuga omwewa ndi ma enzyme.

Wa ku Labu: Zikomo aticha, mwandipeputsira. Ndiwonjezere chabe kuti shuga ali ndi nkhope ziwiri, mbali ya timanja ta OH imakonda madzi, koma pali mbali ina yosalala yosakonda madzi. Mapuloteni ambiri ogwira shuga amaika amino acid yafulati ngati tryptophan kapena tyrosine kuti mbali yosalalayo igonepo, ngati mbale pa mbale inzake. Pa FimH pakhomo pa kathumba pali ma tyrosine awiri, nambala 48 ndi 137, ayima uku ndi uku ngati mphuthu za chitseko, ndipo amagwira mbali yotsala ya unyolo imene sinalowe mkati. Ena amagwiritsa njira ina, bakiteriya wotchedwa Pseudomonas amene timamupeza m'zilonda za moto ali ndi LecA wogwira galactose ndi LecB wogwira shuga wina wotchedwa fucose, awa amaika calcium pakati kuti ndiye agwire shugayo.

Mtsikana wa Giredi 12: Zikomo kwambiri, ndalemba zonse mu kope. Ndiye si maso, ndi kukhudza.

Atate a Nkhumba, Sinda: Ine ndikuwerenga mwakachetechete. Koma ngati kugwirana kwake n'kofooka monga anenera aticha, bwanji munthu akamwa madzi ambiri nakodza mwamphamvu sizichoka zonse?

Wa ku Labu: Atate apa ndiye pamene ine ndinazizwa tsiku loyamba kumva. Inu mumadziwa mfundo imene timamangira mbuzi pachikhomo, mbuzi ikangoima phee chingwe chimakhala cholendewera, ikakoka ndiye mfundo imalimba. FimH ali choncho. Ili ndi zigawo ziwiri, chimodzi chogwira shuga china chomangirira ku kaubweya. Madzi akakhala bata chigawo chachiwiricho chimapanikiza choyamba, kathumba kamakhala kotakasuka, bakiteriya amagwira n'kusiya, gwira siya, akuyendayenda pakhoma. Koma mkodzo ukayamba kuthamanga n'kumukoka, zigawo ziwirizo zimatalikirana, kathumba kamafinya mannose uja zolimba. Kukokako ndi kumene kumalimbitsa. Anazionetsa ofufuza a ku University of Washington mu 2002, Wendy Thomas, Viola Vogel, Evgeni Sokurenko ndi anzawo, amazitcha catch bond. Komanso kumbukirani kuti timaubweya si kamodzi, bakiteriya mmodzi amakhala nato mazana, kena kakasiya tina tagwira.

Izi sizikutanthauza kuti madzi alibe ntchito iyai, amene sanagwire ndi amene angofika kumene amakokoloka, ndiye kumwa madzi ndi kusasunga mkodzo nthawi yaitali kumathandiza ndithu.

Aticha a Sayansi: Cala cimodzi siciswa nsabwe. Makolo anaona kale.

Amake Mapasa, Kapata: Ndayamba kumva. Ndiye ka ufa ka alamu aja nzeru yake ndi yoti ndikamwa mannose apite mu mkodzo, bakiteriya agwire ameneyo m'malo mogwira khoma?

Wa ku Labu: Mwaigwira ndendende. Kutseka kathumba ndi kiyi wabodza. Ndipo nzeruyi si yachabe, mu 1977 Itzhak Ofek, David Mirelman ndi Nathan Sharon ku Israel anaonetsa kuti ukathira mannose, E. coli amalephera kumata pa maselo a mkamwa mwa munthu, patapita zaka ziwiri anayesa pa mbewa za mu labu ndi shuga wofanana naye, matenda a chikhodzodzo anachepa. Thupi lenilenilo limachita kale zomwezo, impso zimatulutsa puloteni yotchedwa uromodulin yodzaza ndi mannose, imayandama mu mkodzo, mabakiteriya amaigwira kuyesa khoma n'kutuluka nayo panja.

Koma amai ndikuuzeni chilungamo musataye ndalama. Za mu labu ndi za m'thupi la munthu sizifanana nthawi zonse. Mu 2024 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotsogoleredwa ndi a ku Oxford, amai 598 amene vutoli limawabwerera, ena ankamwa magalamu 2 a D-mannose tsiku lililonse miyezi 6, ena ankamwa ufa wina wongofanana nawo. Pomaliza mbali zonse ziwiri pafupifupi theka anadwalanso. Ndiye si chinthu choti mungadalire, ndipo matenda akayamba kale sichilowa m'malo mwa mankhwala.

Anesi a ku Katete: Ndigogomezere pamenepo. Ndaonapo amai akubwera mochedwa, thupi moto, kunjenjemera, msana kuwawa m'mbali umu, kusanza, chifukwa anakhala kunyumba milungu iwiri akumwa zogula kwa anthu oyenda nazo m'zikwama. Pamenepo matenda akwera kale ku impso. Makamaka oyembekezera chonde musachedwe ngakhale tsiku limodzi.

Wa ku Labu: Ndipo okwera ku impsowo nthawi zambiri amakhala ndi kiyi wachiwiri, puloteni ina PapG, iyo simafuna mannose, imafuna ma galactose awiri olumikizana amene amapezeka pa maselo a impso. Chiwalo chilichonse chili ndi shuga wake, ndiye kiyi amene bakiteriya wanyamula ndi amene amanena kumene akakhale.

Mnyamata wa pa Mwami: Ine zandikumbutsa kolera. Januwale 2024 ndinali ku Lusaka, achimwene anga anagonekedwa ku Heroes Stadium kumene ankasamalirako odwala kolera, ndinaona ndi maso anga munthu wamphamvu wonyamula matumba a simenti kusanduka ngati nsanza tsiku limodzi, maso kulowa mkati, ukatsina khungu pamkono limangoima osabwerera, chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga. Anapulumuka Mulungu ngwabwino. Koma kunyumba kuno anthu ena ankanena kuti wodwala kolera osamupatsa za shuga chifukwa udyetsa tizilombo. Ndiye zimenezi zikugwirizana ndi nkhani yathuyi?

Anesi a ku Katete: Iyai iyai iyai, bodza limenelo lingaphe munthu. ORS popanda shuga sagwira ntchito. M'matumbo muli kakhomo kamene kamalowetsa mchere pokhapokha wabwera limodzi ndi glucose, mchere ukalowa madzi amatsatira, ndipo poizoni wa kolera sawononga kakhomo kameneko. Ngati paketi palibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 ta shuga tosadzaza mulu, theka la kasupuni ka mchere, azimwa muli panjira yopita kuchipatala. Ife kuno ku Eastern tinaziona ku Vubwi kumayambiriro kwa 2023, ndiye chaka chotsatira dziko lonse, mpaka masukulu anatsegula pa 12 Febuluwale m'malo mwa Januwale.

Wa ku Labu: Pepani za achimwene anu, bola ali moyo. Kolera ndi chitsanzo china chabwino chifukwa apa chogwira shuga ndi poizoni amene bakiteriya amatulutsa. Poizoniyo ali ndi zidutswa 6. Zisanu zotchedwa B zapanga mkombero ngati nkhata, chimodzi chotchedwa A chakhala pamwamba pake ngati mtsuko pankhata. Chidutswa cha B chilichonse chili ndi kathumba kogwira GM1, amene ndi mafuta okhala ndi unyolo wa mashuga asanu pa maselo a matumbo. Unyolowo uli ndi nthambi ziwiri, ina yothera ndi galactose ina sialic acid, ndiye zimalowa m'puloteni ngati chala chachikulu ndi cholozera zikatsina chinthu, galactose amagona pa tryptophan monga ndinanenera paja. Zisanu zonse zikagwira sachokanso, selo imameza poizoni yense, A uja akalowa amakayatsa swichi imene simazimanso, selo imayamba kutulutsa mchere ndipo madzi amatsatira, mwa wodwala kwambiri mpaka lita imodzi pa ola. Za GM1 anazipeza mu 1973, mmodzi mwa iwo ndi Jan Holmgren wa ku Sweden. B payekha alibe vuto, amangogwira chabe, n'chifukwa chake katemera wina wakumwa wotchedwa Dukoral anaikamo B wopanda A.

Aticha a Sayansi: Ndipo ambiri sadziwa kuti gulu la magazi, A, B, O, ndi nkhani ya shuga. O ndiye unyolo woyambira, wa A waonjezerapo shuga mmodzi kunsonga, wa B waonjezerapo wina, galactose. Mashuga omwewo amapezekanso m'matumbo mwa anthu ambiri. Ku Bangladesh kumene kolera sikutha anaona kuti a gulu O akadwala ndiwo amadwala modetsa nkhawa kuposa ena.

Mnyamata wa pa Mwami: Achimwenewo ndi O. Tinadziwa pamene ankapereka magazi kusukulu.

Anesi a ku Katete: Koma a A ndi B asamve ngati atetezeka, kolera imagwira aliyense. Klorini m'madzi, kusamba m'manja ndi sopo.

Atate a Nkhumba, Sinda: Manje ndibwere ndi zanga. Chaka chatha nkhumba ziwiri zinaswa sabata imodzi, khola limodzi, madeya amodzi, madzi a pa dilawo imodzi. Ana a imodzi anayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi zachikasu, ndinkawapeza m'mawa aunjikana pakona akunjenjemera, matako onyowa, pa ana 9 anatsala 3. Ana a inayo osadwala ngakhale mmodzi, chonsecho amagona pamodzi. Anthu anayamba kunena kuti wina wandiponyera. Mtima unandiwawa chifukwa ndalama ya feteleza inali pamenepo.

Wa ku Labu: Atate pepani, ana 6 ndi chuma chambiri. Kuti titchule chenicheni chimene chinapha anawo pafunika a vetenale apime, koma zimene mwafotokozazi zimachitika ndithu popanda munthu kuponya kanthu. Pali E. coli wa ana a nkhumba amene ali ndi timaubweya totchedwa K88, ena amati F4, timagwira mashuga a pakhoma la matumbo a kankhumba, akamata amatulutsa poizoni wogwira ntchito mofanana ndi wa kolera. Ndiye pali nkhumba zina zimabadwa zilibe malo ogwirapo amenewo, ndi za kumtundu, zimachokera kwa make ndi tate wake. Bakiteriya amalowa mkamwa, kusowa pogwira, n'kutuluka ndi ndowe. Khola limodzi, ena kufa ena osamva kanthu. Chinanso ndi mkaka woyamba uja, nkhumba imene inakumanapo ndi bakiteriyayo imapatsa ana ake chitetezo kudzera mu mkaka, ndiye yoswa koyamba ana ake amakhala pangozi kwambiri. Kwa ng'ombe kuli K99, amavuta thole la masiku ochepa chabe, likakula pang'ono sagwiranso bwino. Izi musasokoneze ndi chigodola cha nkhumba, icho ndi vairasi ndipo chimapha ndi zazikulu zomwe.

Atate a Nkhumba, Sinda: Imene ana ake anafayo inali yoswa koyamba. Ndiye mbeu ndisunge ya inayo. Zikomo mwana wanga, ndinali nditasiya kulankhula ndi munthu wina chifukwa cha nkhani imeneyi.

Anesi a ku Katete: Poti mwatchula mkaka, ine iyi ndiye nkhani imene ndimaikonda ndipo ndimauza amai ku sikelo mwezi uliwonse. Mu mkaka wa m'mawere, ukachotsa madzi, chochuluka ndi lactose, kenako mafuta, chachitatu ndi timaunyolo ta shuga ta mitundu yoposa 100 timene mwana sagaya n'komwe. Anthu ankadabwa kuti thupi la mai livutikiranji kupanga chakudya chimene mwana sadya. Kani timafanana ndi mashuga a pakhoma la matumbo a mwanayo, ndiye mabakiteriya otsegula m'mimba ngati Campylobacter amagwira timeneto kuyesa agwira mwana, n'kutuluka nato mu thewera. Kwinaku timadyetsa mabakiteriya abwino otchedwa Bifidobacterium kuti adzaze malo. Ndiye ndikamaona mwana wa miyezi iwiri akupatsidwa phala lamadzi kapena madzi a m'chitsime ati akumva ludzu, zimandipweteka kwambiri. Miyezi 6 yoyamba bere lokha.

Amake Mapasa, Kapata: Amapasa anga ndinayamwitsa chaka ndi miyezi 8, anthu ankati awiri sungakwanitse uwonda. Lero ndamva bwino mumtima.

Mtsikana wa Giredi 12: Nanga zilonda za m'mimba? Amai anga amati ndi chifukwa chokhala ndi njala ndi kuganiza kwambiri.

Wa ku Labu: Zambiri zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, ndipo zina ndi mapilisi a ululu ngati ibuprofen ndi aspirin akamwedwa kwambiri. H. pylori naye ali ndi puloteni yake BabA, imagwira unyolo wokhala ndi fucose wotchedwa Lewis b pakhoma la chifu, wachibale wa mashuga a gulu la magazi amene anena aticha. Chifu chikatupa chimayamba kuonetsa mashuga ena okhala ndi sialic acid, iye ali ndi puloteni yachiwiri SabA yogwira amenewo, ndiye pamene pavulala ndi pamene amapezanso pogwira pena. Madokotala sankakhulupirira kuti m'chifu mungakhale bakiteriya, mpaka Barry Marshall wa ku Australia anamwa dala mabakiteriyawo mu 1984 n'kudwala, mu 2005 iye ndi Robin Warren analandira Nobel. Amai ako akapimitse, pali mankhwala ake ophatikiza a sabata imodzi kapena ziwiri.

Amake Mapasa, Kapata: Abale zikomo nonse, alamu ndawauza kuti ndalama ya ufayo asunge. Mawa ndipita kukapimitsa. A ku labu, mkodzo wake ndinyamule kunyumba m'botolo kapena?

Wa ku Labu: Iyai amai, osati botolo la kunyumba ngakhale mutalitsuka bwanji, mukatenge kabotolo kathu komweko kosatsegula. Sambani m'manja, tsukani kumaliseche ndi madzi oyera kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, yambani kukodza pang'ono m'chimbudzi, wapakati ndiye mutape, chala chisakhudze mkati mwa chivindikiro. Mupereke msanga usakhale maola awiri m'chikwama chifukwa mabakiteriya amaswana momwemo tikawerenga molakwika. Ndipo ngati muli ndi ma antibayotiki otsala kunyumba musamwe usiku uno, akatibisira bakiteriyayo pa mbale imene timameretsapo mabakiteriya ku labu. Zotsatira zimatenga masiku awiri kapena atatu.

Anesi a ku Katete: Mutengenso kabuku kanu ka kuchipatala, aone mankhwala amene munamwa maulendo atatu aja kuti asakubwerezereni omwewo.

Amake Mapasa, Kapata: Kali kale m'chikwama. Ndidzuka 5 koloko ndikakhale kutsogolo pamzere.